Kukonza sewero lomwe wosewera wake sanaliyeserere: malangizo a pang'onopang'ono

Pali mtundu wa zisudzo womwe munthu amakwera pa nsanja asakudziwa zomwe akachite. Sanawerenge sewerolo, sanalionerepo, sanayeserere ndi anzake. Amapatsidwa envelopu yomata pamaso pa anthu, kapena amavekedwa mahedifoni, n'kuyamba pomwepo. Mawa lake pakwera wina, ndipo wadzuloyo sabwereranso chifukwa tsopano akudziwa zonse.

Ambiri akamva zimenezi amayesa ndi njira yachidule yopeputsira ntchito. Ayi ndithu. Wosayeserera ndi munthu mmodzi yekha. Ena nonse, wolemba, wotsogolera, wa magetsi ndi wa zokuzira mawu, ntchito yanu imawirikiza. Mukuitana munthu kuti aime pagulu alibe pogwira, choncho zonse zomwe akanazipeza m'milungu yoyeserera muyenera kumuikira m'malemba ndi m'dongosolo lanu. Munthu ameneyu ndizimutchula kuti mlendo.

Choyamba, dzifunseni ngati nkhani yanu ikufunadi munthu wosadziwa

Masewero ambiri amtunduwu amagwera pomwepa asanayambe n'komwe. Wolemba amakopeka ndi chidwi choona munthu akutuluka thukuta pepala lili m'manja, koma chidwi chimenecho sichikhalitsa. Pakapita mphindi khumi oonera amatsala ndi munthu wowerenga modukizadukiza, n'kuyamba kufunsa chamumtima kuti, "Bwanji sanangoyeserera?" Yankho la funso limenelo liyenera kupezeka m'nkhani mwenimwenimo.

Taonani masewero awiri omwe anatchukitsa njirayi. Mu 2005, ku Traverse Theatre mumzinda wa Edinburgh, Tim Crouch wa ku Britain anaonetsa koyamba An Oak Tree. Muli anthu awiri okha. Crouch amasewera mkulu wina wogodomalitsa anthu maganizo pa zionetsero, yemwe anagunda mtsikana ndi galimoto n'kumupha. Bambo wa mtsikanayo amaseweredwa ndi mlendo watsopano usiku uliwonse, kaya mwamuna kaya mkazi. Bamboyo chisoni chamusokoneza, sakudziwa poponda, akungotsatira zomwe wina akumuuza. Mlendonso ali chimodzimodzi pa nsanjapo. Kusadziwa kwa woseweraku ndi kutayika kwa bamboyu zimakhala chinthu chimodzi, ndipo oonera amaziona ndi maso.

Nassim Soleimanpour wa ku Iran analemba White Rabbit Red Rabbit mu 2010 ali wosaloledwa kutuluka m'dziko lake. Analibe pasipoti chifukwa anakana ntchito ya usilikali yomwe anyamata amakakamizidwa kugwira. Sewero ndilo linayenda m'malo mwake: linaonetsedwa ku Edinburgh ndi ku Toronto mu 2011, lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo ku New York mu 2016 akatswiri ngati Nathan Lane ndi Whoopi Goldberg anatsegula envelopu ija. Lilibe wotsogolera. Wolemba amalankhula kudzera pakamwa pa munthu yemwe sanakumanepo naye, ndipo nkhani yake ndi ya kumvera: munthu angafike pati pochita zomwe pepala lamuuza?

Ndiye yesani nkhani yanu motere. Yerekezani kuti katswiri waiyeserera mwezi wathunthu. Ngati mukuona kuti ingakome kuposa, mpatseni katswiriyo, mlendo musamuvutitse. Nkhani zomwe zimayenda bwino m'njira imeneyi ndi zokhudza kumvera, kukhulupirira munthu, kufika kumalo achilendo, kulandira uthenga, kapena kuyesedwa.

Chachiwiri, sankhani momwe malangizo azimufikira

Pepala ndiye losavuta, ndipo kwa oyamba kumene ndi lomwe ndingalimbikitse. Silifuna magetsi, silizima, ndipo oonera amaliona. Amaona masamba akuchepa m'manja mwa mlendo, amaona akutembenuza tsamba n'kuima kaye, ndipo onse amadziwa kuti waona chinachake chomwe iwo sanachimve. Kuipa kwake n'kwakuti limamanga manja ndi maso. Munthu woweramira pepala nkhope yake imabisika.

Mahedifoni amamasula manja ndi maso, koma ali ndi mavuto akeake. Mungajambuliretu mawu, kapena munthu angakhale kuseri ndi maikolofoni n'kumalankhula pomwepo. Gulu la Rotozaza, la Ant Hampton ndi Silvia Mercuriali, linapanga Etiquette mu 2007 ndi mawu ojambuliratu: anthu awiri amakhala patebulo moyang'anizana, aliyense ndi mahedifoni ake, n'kumanena ndi kuchita zomwe akumva. Iwo eni ndiwo osewera, ndiwonso oonera. Chaka chomwecho gulu la Gob Squad linaonetsa Kitchen, momwe osewera amaloweredwa m'malo mmodzimmodzi ndi anthu otengedwa mwa oonera, ovala mahedifoni. Dziwani kuti mawu ojambuliratu sadikira munthu. Mlendo akatsokomola, akagwetsa chinthu, kapena anthu akaseka nthawi yaitali, makina amangopitirira. Munthu wamoyo pa maikolofoni amaona n'kudikira. Ngati simunazolowere, yambani ndi munthu wamoyo.

Njira yachitatu ndi sikirini yaikulu yomwe onse akuiona. M'sewero lina la Soleimanpour, lotchedwa NASSIM, la mu 2017, masamba amaonekera pa sikirini, manja a wolembayo akuwatembenuza pansi pa kamera. Apa oonera amawerenga limodzi ndi mlendo, ndiye amaona kusiyana kwa chomwe chalembedwa ndi chomwe munthuyo wachita nacho. Pamenepo pamatuluka zokoma zambiri.

Yomaliza ndi pakamwa basi. Mnzake wa pa nsanja, yemwe amalidziwa sewero, amamuuza poyera kuti "khalani apa" kapena "nenani kuti inde". Mungaphatikize njirazi. Crouch amagwiritsa ntchito pepala, mahedifoni ndi pakamwa m'sewero limodzi, ndipo kusinthasinthako kumapumitsa oonera.

Chachitatu, kulemba kwenikweniko

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo musafulumirepo.

Lembani zochita, musalembe zomva mumtima. Mukalemba kuti "onetsani chisoni", mlendo akwinya nkhope, agwetsa mapewa, ndipo aliyense aona kuti akunamizira. Sakudziwa kuti chisonicho n'cha chiyani, ndiye achitenga kuti? Koma taonani tsamba ngati ili:

Nenani: "Ndafika."
Yendani mpaka pa mpando wofiira. Musakhalepo.
Gwirani kumsana kwa mpandowo ndi manja onse awiri.
Werengani chamumtima mpaka 10.
Nenani: "Ankakhala apa."

Palibe pomwe mwatchula chisoni. Mlendo wangogwira mpando n'kuwerenga manambala, koma oonera aona munthu wotaya wokondedwa wake. Kawirikawiri naye mlendoyo amadzidzimuka akamatchula mawu omalizawo, chifukwa tanthauzo lake limamufika nthawi imodzi ndi oonera, ndipo mawu amangonjenjemera okha. Kunjenjemera kumeneko n'komwe mwakonzera zonsezi.

Onaninso kuti bata lalembedwa ndi nambala. Munthu wamantha amathamanga. Mukangolemba kuti "khalani chete kaye", apuma kamodzi n'kupitirira, poti kwa iye sekondi imodzi pagulu ndi yaitali kwabasi. Mukamupatsa nambala yoti awerenge mumamupatsa chochita, ndiponso chilolezo choti asachite kanthu kena. Onaninso kuti ndati mpando wofiira, sindinati wa kumanzere. Kumanzere kwa ndani, kwa iye kapena kwa oonera? Munthu wosokonezeka sasiyanitsa msanga, koma chofiira amachiona.

Masamba oyamba akhale opepuka. Atchule dzina lake, amweko madzi, awerenge anthu okhala mzere woyamba, afunse munthu mmodzi kuti wafika bwanji. Pamenepo akuphunzira malamulo a sewero lanu osadziwa kuti akuphunzira: kuti zonena zikuoneka motani, zochita zikuoneka motani, ndiponso kuti akalakwitsa sipagwa tsoka. Mupatseni mpata woseketsa anthu koyambirira, koma anthuwo aziseka naye limodzi, asamamuseke iye. Oonera akangokhala mbali yake m'mphindi zisanu zoyamba, amunyamula mpaka kumapeto.

Kaonekedwe ka pepala si nkhani yaing'ono. Zilembo zikhale zazikulu, saizi 16 kapena kuposa. Sindikizani mbali imodzi yokha, tsamba lililonse likhale ndi nambala yooneka patali, ndipo masambawo muwaike mufayilo yotseguka bwino, chifukwa mapepala omwazika akagwa m'manja onjenjemera sewero laima. Zonena zikhale ndi zilembo zakuda zonenepa, zochita zikhale zopendekera. Musadalire mitundu ya inki, magetsi a pa nsanja amaisintha. Langizo limodzi, mzere umodzi. Ndipo langizo lizibwera mawu asanabwere: mukaika "monong'ona" kumapeto kwa chiganizo, alipeza atakuwa kale.

Maso a munthu amathamangira kutsogolo kwa pakamwa pake. Akamawerenga mzere wachitatu amakhala ataba kale wachisanu. Choncho chilichonse chomwe mukufuna chimudzidzimutse chiikeni pamwamba pa tsamba lotsatira, ngakhale tsamba lapitalo litatsala theka lopanda kanthu. Kutembenuza tsamba ndi chida chanu champhamvu kwambiri. Nthawi zina tsamba lonse lingakhale ndi mawu awiri okha.

Ngati mukulembera mahedifoni, dulani ziganizo m'tizidutswa ta mawu anayi kapena asanu, n'kusiya mpata wokwanira kuti abwereze. Khalani ndi liwu limodzi losasintha losonyeza kuti chotsatira n'chonena, monga "nenani", kuti asamabwereze mokweza malangizo omwe amayenera kungowachita. Khutu limodzi likhale lotseguka kuti azimva mnzake ndi oonera. Ndipo apo ndi apo muuzeni kuti "zili bwino, mukukhoza". Mawu amenewo oonera sawamva, koma amaona mapewa ake akutsika.

Musamumange paliponse. M'zisudzo zomwe Augusto Boal wa ku Brazil anayambitsa m'zaka za m'ma 1970, woonera amaimitsa sewero, n'kukwera pa nsanja kukayesa njira yake yothetsera vuto, ndipo zonse zomwe akuchita zimachokera mwa iye. Sewero lanu lalembedwa kale, koma tengerani pang'ono ufulu umenewo. Siyani timipata ting'onoting'ono momwe mlendo ayankhe yekha: "Tchulani dzina la munthu amene anakuphunzitsani kuwerenga." "Sankhani munthu mmodzi mwa oonera, mumuyang'ane mpaka mutatha tsamba lino." Mafunso akhale aang'ono, osakumba zinsinsi. Mukamupatsa zosankha ziwiri, lembani njira zonse ziwiri mpaka pomwe zikakumanirenso, ndipo pakhalenso njira yachitatu ya munthu wokana zonse.

Pali zinthu zomwe simuyenera kulemba pokhapokha mutamuuziratu: kuvula, kupsompsona kapena kugwirana ndi munthu, kudya kapena kumwa chinthu chosadziwika, kutukwana wina mwa oonera, kukwera pamalo oti angagwe. Munthu ali pa nsanja, maso onse ali pa iye, kukana n'kovuta kwambiri. Achita, koma sizitanthauza kuti wavomera. Wolemba wopezerapo mwayi pa mantha amenewo walakwira munthu amene anamukhulupirira.

Chachinayi, yesererani inuyo, mobwerezabwereza

Mufunika anthu oyesera malemba anu, ndipo aliyense angakuthandizeni kamodzi kokha. Akangowerenga, kwatha. Choncho lembani mndandanda, ndipo alendo omwe mukuwafuna pa masiku enieni musawathere pa zoyesazi. Pezani anthu osiyanasiyana, osachepera asanu: wowerenga mothamanga, wowerenga pang'onopang'ono, wamanyazi, wanthabwala, wachikulire wa maso ofooka.

Mupatseni fayilo, inu khalani pambali ndi cholembera, pakamwa patsekedwe. Mtima udzafuna kuti mufotokoze kuti "ayi, apo ndimatanthauza zakuti". Dziletseni. Tsiku lenileni simudzakhalapo kuti mufotokoze. Pomwe wapunthwa lilime, pomwe wayang'ana uku ndi uku, pomwe wanena mokweza chinthu choti achite, ikanipo chizindikiro. Cholakwa ndi cha pepala, osati cha munthuyo. Anthu awiri akapunthwa pamalo amodzi, chiganizocho chilembedwenso.

Lembaninso nthawi yomwe aliyense watenga. Mudzaona kuti sewero lomwelo limatalika kapena kufupika kwambiri malinga ndi munthu. N'chifukwa chake wa magetsi ndi wa nyimbo sayenera kuyendera wotchi. Ayendere zochita: "akagwira mpando, chepetsani kuwala", "akatseka fayilo, yatsani nyimbo". Ayeneranso kudziwa chochita ngati mlendo walumpha tsamba. Imani pamalo alionse omwe mlendo adzaime, fayilo ili m'manja, muone ngati zilembo zikuwerengeka. Kuwala kokongola kwa oonera kungakhale mdima kapena kothobwa m'maso kwa wowerenga.

Zipangizo zonse zikhale ndi cholowa m'malo. Mabatire atsopano usiku uliwonse, mahedifoni ena apadera, ndi malemba onse papepala pafupi, ngakhale sewero lanu litakhala la mahedifoni okhaokha.

Ngati pali mnzake wa pa nsanja, iyeyo ndiye ayeserere kuposa onse. Mawu ake awadziwe ngati dzina lake, kuti maganizo ake onse akhale pa mlendo. Chovuta kwa iye ndi kuiwala wadzulo. Akaona mlendo wina atachita bwino pamalo ena, amafuna kukankhira wotsatira kuti achite chimodzimodzi, ndipo akatero wapha chomwe watsopanoyo akanabweretsa.

Chachisanu, kuitana mlendo

Muitane katswiri wa zisudzo kapena munthu wamba? Onse angathe. Katswiri amawerenga bwino, mawu ake amafika kumbuyo, ndipo gulu silimuopsa. Koma ena akachita mantha amathawira ku luso lawo lakale, n'kuyamba kuseketsa anthu pamalo ofunika bata. Munthu wamba alibe kothawira, ndiye zomwe mukuona pankhope pake n'zenizeni, koma mawu angamuchepere ndipo angafunike maikolofoni. Mfunseni mwaulemu, muli awiri, ngati amamasuka kuwerenga mokweza pagulu. Ngati samasuka, mahedifoni kapena pakamwa zingamuthandize. Sinthanisinthani alendo, amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa: aliyense adzatsegula sewero lanu pamalo pomwe inu eni simunaone.

Mulembereni kalata yomveka. Muuzeni kutalika kwa sewero, zoti avale, ngati adzaime nthawi yaitali kapena kuyendayenda, ndipo mukumbutseni kutenga magalasi ake owerengera. Mupempheni kuti asafufuze za sewerolo pa intaneti kapena kufunsa omwe analionera. Ndipo muuzeni mutu wa nkhani, ngakhale simumuuza momwe ikuyendera. Ngati muli imfa ya mwana, kudzipha, kugwiriridwa kapena nkhondo, nenani poyera: "Sewero likukhudza imfa ya mwana. Ngati nkhani imeneyi ili pafupi kwambiri ndi moyo wanu panopa, tiuzeni, sitifunsa chifukwa." Ena amaopa kuti kutero kuwononga chinsinsi. Sikuwononga. Kudziwa mutu n'kosiyana ndi kudziwa chomwe chili patsamba lotsatira. Koma kuika kholo loferedwa posachedwa kutsogolo kwa gulu kuti liwerenge za imfa ya mwana lisakudziwa, chimenecho ndi nkhanza.

Ana musawaike m'sewero lotere pokhapokha kholo litawerenga malemba onse n'kuvomera. Mlendo mulipireni monga mungalipirire wosewera wina aliyense, chifukwa usiku umenewo wasenza sewero lonse. Ngati mukufuna kujambula, gwirizanani molemba zisanachitike, ndipo akhale ndi ufulu wosintha maganizo ataona momwe zayendera. Khalaninso ndi munthu wina wosadziwa sewero yemwe angafike msanga mlendo akalephera kubwera.

Chachisanu ndi chimodzi, ola lomaliza

Crouch amakumana ndi mlendo wake patatsala ola limodzi kuti sewero liyambe, ndipo nthawi imeneyo ndi yokwanira. Mulandireni nokha pakhomo. Muyendetseni pa nsanja, akhudze mipando, aone pomwe pali masitepe, madzi ndi khomo lotulukira. Yesani mahedifoni ndi maikolofoni pogwiritsa ntchito mawu ena osakhala a m'sewero. Gwirizanani chizindikiro choimitsira, monga kuika fayilo pansi n'kukweza dzanja, ndipo mutsimikizireni kuti akachichita palibe adzamudandaule.

Kenaka muuzeni zinthu zitatu zokha: asathamange, asayese kukometsa, ndipo palibe chomwe angachite chomwe chingawononge sewero. Mukatero musiyeni apume payekha. Malangizo ambiri pa ola limeneli amangowonjezera mantha.

Chachisanu ndi chiwiri, sewero lili mkati

Oonera auzeni zoona poyamba penipeni. Wina aime n'kunena kuti munthu uyu sanawerengepo kapena kuonera zomwe achite, ndipo mlendo atsimikize yekha. Envelopu itsegulidwe onse akuona. Anthu akapanda kudziwa zimenezi amaona wosewera wosakonzeka, koma akadziwa amaona munthu wolimba mtima, ndipo amaweramira kutsogolo. Apempheninso kuti asajambule ndi mafoni, asakaulule nkhaniyo kunja, poti mlendo wa mawa angamve.

Kwa amene muli pa nsanja kapena pa maikolofoni, yesero lalikulu ndi kupulumutsa msanga. Mlendo wakhala chete, akuyang'ana pepala, ndipo inu mtima uli m'mwamba. Dikirani. Werengani mpaka 5 musanalowerere. Nthawi zambiri sanasochere, akungomeza zomwe wawerenga, ndipo oonera akumeza naye. Mphindi zoterezi ndi zomwe anthu amakakambirana akatuluka. Wosochera weniweni amaoneka: amatembenuza masamba uku ndi uku, maso akusakasaka thandizo. Ameneyo muthandizeni poyera, modekha: "Tili patsamba 12, pamwamba." Palibe chifukwa chobisira, onse akudziwa kale momwe zinthu zilili.

Akalakwitsa liwu, musamukonze, pokhapokha ngati nkhani singamveke popanda liwulo. Akagwira mpando wina m'malo mwa wofiira, umenewo ndiwo mpando wa usiku uno. Akaseka pamalo achisoni, mulekeni aseke, anthu amaseka ndi mantha, ndipo bata lobwera pambuyo pa kuseka kotero limakhala lolemera. Akalira, musamuthamangire ndi kumukumbatira. Mupatseni nthawi, muyang'aneni, ndipo ngati zikupitirira mfunseni motsitsa mawu ngati akufuna kupitiriza. Akati ayi, imani. Auzeni oonera kuti mupuma pang'ono, ndipo mukhale mutakonzeratu ngati wina adzamalize kuwerenga kapena sewero lidzathere pomwepo.

Wovuta kwambiri ndi mlendo wofuna kuonekera, wowonjezera nthabwala zake pamzere uliwonse. Kulimbana naye pagulu sikuthandiza. Chepetsani liwiro lanu, tsitsani mawu, mupatseni ntchito ya manja yofuna chidwi, monga kuthira madzi m'kapu mpaka pamzere kapena kupinda pepala. Ndi bwino malemba anu akhale ndi ntchito zoterezi malo angapo. Thupi likatanganidwa, chionetsero chimachepa chokha.

Zipangizo zikafa, nenani kuti zafa, perekani pepala, pitirizani. Sewero lotere limapirira ngozi kuposa masewero ena, chifukwa oonera anavomera kale kuti chilichonse chingachitike.

Pomaliza, anthu akaomba m'manja

Mlendo musamusiye yekha. Thupi lake likadali kunjenjemera, ndipo chodabwitsa n'chakuti iye yekha ndiye sanalione sewerolo. Ambiri amatsika akufunsa kuti, "Kodi zinayenda?" ndipo zigawo zina sazikumbukira n'komwe. Pakhale munthu womulandira, womupatsa madzi ndi pokhala. Muuzeni chinthu chimodzi kapena ziwiri zenizeni zomwe anachita, monga momwe anaimira asanatchule mawu ena, osati kungoti "munakhoza". Osamuyerekeza ndi alendo ena, ngakhale atafunsa. Ngati nkhani inali yolemera, muimbireni foni mawa lake.

Akapuma, mfunseni pomwe anasokonezeka, pomwe anachita mantha, ndi pomwe anafuna kukana koma analephera. Funso lomalizali ndiye lofunika kwambiri, ndipo yankho lake likuuzani zoti muchotse kapena zoti muzichenjezeratu m'kalata. Lembani zonse usiku womwewo pamodzi ndi a magetsi ndi a zokuzira mawu. Koma musasinthe malemba chifukwa cha munthu mmodzi. Dikirani muone ngati vutolo libwerenso kwa wina, ndipo mukasintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Tengani fayilo ija, musalole kuti malemba apite kunja kapena afike pa intaneti masiku oonetsera asanathe. Mlendo wa lero mupatseni mpando waulere kuti mawa adzaonere mnzake, ndipo mupempheni akhale chakumbuyo, komwe nkhope yake singauze watsopanoyo zomwe zikubwera.